Chenjezo la GDAL si lonyalanyaza

Mukalemba lamulo mu GDAL, pulogalamu imene ambiri timakonzera mapu pa kompyuta, pakavuta imakuyankhani m'njira ziwiri. Ikati ERROR, ndiye kuti china chakanika. ERROR 4 imatanthauza kuti fayilo sinatseguke, kawirikawiri chifukwa dzina lalakwika kapena fayiloyo ili m'foda ina. Zoterezi sizindidetsa nkhawa, vuto lili poyera.

Chimene ndimaopa ine ndi Warning, pakuti ntchito imatha bwinobwino, munthu n'kuganiza kuti zonse zili m'chimake. Tayesani kusandutsa tebulo kukhala Shapefile ndi lamulo la GDAL lotchedwa ogr2ogr. Shapefile salola dzina la danga kupitirira zilembo 10, choncho chiwerengero_amuna amasanduka chiwerenge, chiwerengero_akazi n'kukhala chiweren_1. GDAL imanena ndithu, ndi Warning 6, koma mzerewo umadutsa ngati mphezi. Pakapita mwezi, ndani angakumbukire danga la amayi?

Mauthengawa amatuluka pa stderr, kotero lembani 2> zolakwika.txt kumapeto kwa lamulo kuti asungike. Za -skipfailures ya ogr2ogr, samalani nayo: imalumpha chilichonse chokanika, mapu n'kutuluka operewera midzi ina. Musanapereke mapu kwa aliyense, tsegulani kaye zolakwika.txt muwerenge.