Kalata ya Malonda: Thumba Lake Liti?

Mnyamata amene wamaliza Fomu 4 ku Robert Blake, pa Kongwe paja, kapena mtsikana wochokera ku sekondale ya Ntchisi, akabwerera kumudzi kaŵirikaŵiri amasankhidwa kukhala mlembi wa kalabu ya alimi. Makalata opita kwa ogula chimanga, soya ndi mtedza pa Mponela, pa Madisi kapena pa Malomo amalembedwa ndi dzanja lake. Tsono kalata yotere siifuna mau okometsera monga a chimangirizo cha m'kalasi. Imafuna mau amene munthu sangawamve paŵiri.

Liu loyamba kulikayikira ndi lakuti "thumba". Mlembi akalemba kuti kalabu ikugulitsa matumba 40 a chimanga, amayesa kuti wanena zonse, chonsecho sananene kanthu. Pamene ADMARC inaloŵa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, thumba la chimanga linali la mapaundi 200, ndiwo makilogalamu pafupifupi 90. Thumba lozoloŵereka lero ndi la makilogalamu 50, koma matumba akuluakulu sanathe m'misika. Ngati alimi akuganiza za thumba la 50 pamene wogula wabwera ndi lake la 90, kusiyana kwake pa matumba 40 ndi makilogalamu 1,600. Mlandu wotere ukafika kwa anyakwawa, kalata ija siithandiza aliyense, pakuti mbali zonse ziŵiri zimaloza liu limodzimodzilo. Ndowa ndiye yoipiratu: ya wogula siifanana ndi ya wogulitsa. Mlembi wanzeru amalemba kuti "matumba 40, lililonse la makilogalamu 50 poyesa pa sikelo".

Mau a nthaŵi nawonso amagwetsa anthu m'mavuto. "Posachedwa" ndi "mbeu zikacha" si masiku ayi. Ngakhale "Sabata" amene amasokoneza, popeza wina amamva tsiku lopemphera, wina masiku asanu ndi aŵiri. Ndipo kuchedwa kuli ndi mtengo wake. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, kotero kuti aliyense amene anavomera kulipidwa "ndalama zikapezeka" pa "mtengo womwe uja" analandira ndalama zogula feteleza wochepa kuposa amene ankayembekeza. Tsiku, mwezi ndi chaka zilembedwe m'manambala, ndipo mtengo utchulidwenso ngakhale unanenedwa kale pakamwa.

Chicheŵa sichisoŵa mau olunjika. Ndi olemba amene amachita nawo ulesi. Wobwereka ngolo amabweza ngolo yomweyo, pamene wokongola ndalama amabweza zina, mwina ndi chiongoladzanja. Chikole si malipiro. Kupinyolitsa njinga si kuigulitsa. Agogo amene sanapite ku sukulu amasiyanitsa mau ameneŵa bwinobwino, ndipo n'zochititsa manyazi kuti wa setifiketi ndiye amawasakaniza, kenaka n'kuthaŵira ku Chingerezi chimene tcheyamani wa kalabu angosainira osachimva.

Ulemu ukhalepo ndithu, koma "Wokondedwa Bwana" ndi moni wa mzere umodzi n'zokwanira. Za umoyo wa ana ndi za mvula zidikire tsiku lokumana.

Aphunzitsi angathe kuyesa izi m'kalasi. Wophunzira mmodzi aŵerenge kalata yake mokweza kamodzi kokha, ndipo mnzake atchule katundu, kulemera kwake, mtengo ndi tsiku lolipira. Mnzakeyo akafunsa kuti, "Thumba lake liti?" kalatayo ilembedwenso.