Chifukwa chake ana amajomba kusukulu m'midzi ya ku Milange

Mwana akaleka sukulu, kawirikawiri amakhala atayamba kale kujomba. Amasowa tsiku limodzi pa sabata, kenako masiku atatu, mpaka dzina lake lingotsala m'kaundula. N'chifukwa chake kujomba n'kofunika kukuyang'anitsitsa kuposa chiwerengero cha ana olembetsa.

M'boma la Milange, chaka cha sukulu chimayamba mu February, mvula ili mkati ndiponso nkhokwe zili gwa. Mitsinje yochokera m'phiri la Tumbine ikadzaza, mwana wa zaka 6 sangawoloke yekha. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula makalasi ndi milatho m'Zambezia komanso kumwera kwa Malawi. Nthawi yokolola chimanga ndi nandolo, ana okulirapo amapita kumunda, kuganyu kapena kukagulitsa malonda kumalire a Muloza. Maphunziro a pulayimale ndi aulere, koma njala ndi mtunda zili ndi mtengo wake.

Pali chifukwa china chomwe sichioneka msanga: chiyankhulo. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa anthu 6 m'Mozambique ndiye amene Chipwitikizi ndi chiyankhulo chake choyamba. Kumidzi ya kuno ana amakula akuyankhula Chichewa, Chilomwe kapena Chimarenje. Mwana wotere akafika m'kalasi yoyamba n'kupeza mphunzitsi akuyankhula Chipwitikizi chokha, amangokhala duu, kubwereza mawu osawamva. Kholo nalo silitha kuona zomwe mwana waphunzira. Tsiku lomwe kunyumba kwagwa ntchito, sukulu ndiyo imayamba kusiyidwa.

Mozambique anayesa njira ina kuyambira 1993 mpaka 1997 kudzera mu pulojekiti ya PEBIMO, yomwe inaphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza. Carol Benson, yemwe anaunika ntchitoyi, anapeza kuti ana ankayankha ndi kufunsa momasuka m'kalasi, ndipo atsikana ndiwo anapindula kwambiri. Zotsatirazi zinathandiza kuti boma liyambe maphunziro a ziyankhulo ziwiri m'sukulu zake mu 2003. M'makalasi oyambirira mwana amaphunzira kuwerenga ndi masamu m'chiyankhulo chakwawo, uku akuphunzira Chipwitikizi ngati phunziro, ndipo Chipwitikizi chimatenga malo pang'onopang'ono m'makalasi apamwamba.

Njirayi imayenda pokhapokha mabuku afike, ndiponso mphunzitsi wotumizidwa kusukulu akhale wodziwa chiyankhulo cha ana ake. M'kalasi momwe muli ana a Chichewa ndi a Chilomwe pamodzi, kusankha chiyankhulo kumafuna kukambirana ndi makolo.

Malamulo nawo asintha. Mu 2018 boma linakhazikitsa kuti mwana aliyense aziphunzira mpaka kalasi 9, ndipo linachotsa lamulo lomwe linkasamutsira atsikana oyembekezera kumakalasi a usiku. Mu 2019 linaletsa maukwati a ana osakwana zaka 18.

Chotsala ndi ntchito ya pamudzi. Mphunzitsi aziitana mayina tsiku lililonse, ndipo mwana akasowa masiku atatu otsatizana, khonsolo ya sukulu itumize munthu kwawo sabata yomweyo. Mafumu ndi anankungwi agwirizane kuti chinamwali chizichitika nthawi ya tchuthi. Misonkhano ya makolo izichitika m'chiyankhulo chawo, chifukwa kholo lomwe lamva mwana wake akuwerenga silifulumira kumutuma kumunda.