Timikate ta Maungu ndi Nthanga Zake

Mwezi wa Okutobala ukafika, masitolo a ku Leeds, ku Manchester ndi ku Bradford amadzaza ndi maungu. Anthu ambiri kuno amawagula pokonzekera Halloween, pa 31 Okutobala. Amaboola dzungu, kulisema maso ndi mano, kuikamo kandulo, ndipo tsikulo likapita amalitaya. Akuluakulu amati ukapeza anzako akukazinga maso, nawenso kazinga ako. Choncho semani dzungu lanu pamodzi ndi anzanu, koma nthanga zake musataye.

Ku Malawi maungu amadzalidwa pakati pa chimanga mvula ikayamba, ndipo amakhwima cha mu Malichi ndi Epulo. Masamba ake ndi nkhwani, ndiwo yokoma ikatenderedwa ndi nsinjiro. Dzungu lenilenilo amaliphika n'kudya m'mawa kapena masana. Nthanga amaziyanika padzuwa. Zina amasunga kuti zikhale mbewu, zina amakazinga. Agogo anga, amene anachoka ku Dedza kukagwira ntchito m'minda ya fodya ku Zimbabwe, ankanyamula nthanga ndi mtedza wokazinga ngati kamba wa paulendo, chifukwa siziwonongeka msanga ndipo zimakhalitsa m'mimba.

N'chifukwa chiyani zimakhalitsa? Mnofu wa dzungu ndi madzi okhaokha pafupifupi. Umatipatsa vitamini A, amene amathandiza maso, koma zomanga thupi, zimene asayansi amazitcha mapuloteni, zilimo zochepa kwambiri: pafupifupi galamu imodzi pa magalamu 100 aliwonse. Nthanga zosenda za kulemera komweko zili ndi magalamu pafupifupi 30, ndipo mtedza uli ndi pafupifupi 25. Mwana amene akukula amafunika mapuloteni kuti minofu yake ikule. Ndiye mwaona kuti wotaya nthanga wataya gawo lomanga thupi.

Tikaphatikiza mnofu, nthanga ndi chiponde timapanga timikate toti n'kudya pochokera kusukulu. Pa ntchitoyi sankhani dzungu laling'ono lolemera bwino m'manja, kapena lalitali lija lotchedwa butternut. Maungu akuluakulu osema aja amakhala amadzimadzi ndi osatsekemera. Dzungu limene lasemedwa kale n'kugona panja lisadyedwe konse.

Mpeni ndi uvuni ndi za akulu, choncho pemphani amayi, abambo kapena agogo kuti akuthandizeni. Iwo asende dzungu ndi kuliduladula, inu muchotse nthanga, muzitsuke ndi kuziumitsa pa kansalu. Kuno dzuwa la Okutobala silingaziumitse, motero zikazingeni pa moto wochepa mpaka ziyambe kuthetheka. Zikazizira zisinjeni, kenaka muzisefe kuti makoko atsale. Nthanga zobiriwira za m'masitolo n'zosenda kale, sizifuna kusefa.

Phikani dzungu mpaka lifewe, ndipo mukhetse madzi onse. Apa musafulumire ayi, pakuti madzi akatsalira timikate timatuluka ngati phala. Liphwanyeni ndi mthiko. M'mbale yaikulu ikani kapu imodzi ya dzungulo, makapu awiri a oats, theka la kapu ya chiponde, theka la kapu ya nthanga, masupuni atatu a uchi ndi kamchere pang'ono. Oats amamwa madzi otsala, pamene chiponde ndi uchi zimamata zonse pamodzi. Sakanizani, yalani m'thireyi yopaka mafuta, ndipo mutsindire ndi kumbuyo kwa supuni. Ziphike mu uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 25. Dikirani zizizire musanadule, chifukwa zotentha zimanyenyeka. Mudzapeza timikate pafupifupi 12, ndipo mufiriji tingakhale masiku anayi.

Pali chinthu chimodzi chofunika kusamala. Ana ena thupi lawo limadana ndi mtedza, moti ngakhale kachidutswa kochepa kangawabanikitse mpaka kuthamangira nawo kuchipatala. N'chifukwa chake sukulu zambiri za kuno siziloleza chakudya chokhala ndi mtedza. Timikate ta chiponde tidyereni kunyumba, ndipo musanagawire mnzanu yambani mwamufunsa. Ngati mukufuna kupita nato kusukulu, siyani chiponde. M'malo mwake sinjani nthanga zambiri mpaka zituluke mafuta, muonjezere nthochi imodzi yakupsa, ndipo mufunse aphunzitsi ngati nthanga zimaloledwa.