Kuchokera m'chipinda chamdima kufika pafoni: momwe mapulogalamu okonzera zithunzi asinthira

Munthu akaponya chithunzi pa Facebook nkhope ili see ngati ya khanda, pansi pake sipalephera wina wolemba kuti "apa pagwa Photoshop". Dzina la pulogalamu imodzi lasanduka mawu otanthauza chinyengo chilichonse cha pachithunzi, ngakhale mwini wakeyo wangodina fyuluta ya pa Instagram. Koma ambirife sitidziwa kuti pulogalamuyi idachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani wojambula wapaukwati amatha milungu iwiri asanapereke zithunzi. Mbiri yake ili ndi mbali ziwiri: kukonza chithunzi chimodzi kuti chioneke bwino, ndi kusamala zithunzi masauzande kuti zisasowe. Zonsezi zikutikhudza, chifukwa lero aliyense amene ali ndi foni ndi wojambula.

Kukonza zithunzi kudayamba kompyuta kulibe

Makolo athu ankati "kutsuka zithunzi" chifukwa filimu inkaviikidwadi m'mankhwala m'chipinda chamdima. Wotsukayo ankadutsitsa kuwala mu negetivi kuti kugwere papepala. Pamene akufuna pawale ankatchingapo ndi kakhadi kapena dzanja, pamene akufuna pade ankapapatsa kuwala nthawi yotalikirapo. Njira ziwirizi amazitcha Dodge ndi Burn, ndipo mpaka pano mu Photoshop muli zida za mayina omwewa. Kachizindikiro ka Burn ndi dzanja, kukumbukira dzanja la wotsuka uja.

Chinyengo nachonso ndi chakale. Ku Soviet Union, mkulu wa apolisi achinsinsi, Nikolai Yezhov, adajambulidwa ali pambali pa Joseph Stalin m'mphepete mwa ngalande ya madzi. Atatha naye ntchito n'kumupha mu 1940, chithunzi chija chidatulukanso iye palibe, pamalo pake pali madzi okhaokha. Ntchito yotere inkachitika ndi kampeni, utoto ndi maso akuthwa, ndipo ankaitha ndi akatswiri ochepa.

Makina a anthu andalama

Mu 1975, injiniya wa kampani ya Kodak, Steven Sasson, adapanga kamera yoyamba ya digito. Inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chopanda mitundu pa kaseti. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, makampani osindikiza magazini adali ndi makina ngati a Scitex, a ku Israel, okonzera zithunzi pakompyuta. Mtengo wake unkafika madola masauzande mazanamazana, choncho munthu wamba sankawalota n'komwe.

Makinawa ndi amene adabweretsa mkangano woyamba waukulu. Mu February 1982, magazini ya National Geographic idasendeza mapiramidi a ku Giza, ku Egypt, kuti ayandikane n'kukwana pachikuto. Zitadziwika, anthu adafunsa funso lomwe tikufunsabe lero: ngati magazini yodalirika ingasunthe phiri lamiyala, tikhulupirire chithunzi chiti?

Abale awiri ndi Macintosh

Mu 1987, Thomas Knoll, wophunzira pa University of Michigan ku America, adalemba kapulogalamu kotchedwa Display kuti Macintosh Plus yake, yomwe sikirini yake inkangodziwa zoyera ndi zakuda, izitha kuonetsa zithunzi zokhala ndi kutuwa kosiyanasiyana. M'bale wake, John Knoll, ankagwira ntchito ku Industrial Light & Magic, kampani yopanga zodabwitsa za m'mafilimu a Star Wars, ndipo adaona kuti apa pali msika. Awiriwa adakakuza kapulogalamuko, kampani ya Adobe idagula chilolezo chogulitsa, ndipo Photoshop 1.0 idatuluka mu February 1990, ya pa Macintosh pokha. Mu 1995 Adobe idaigula yonse pamtengo wa madola 34.5 miliyoni.

Poyamba zinthu zidali zovuta. Ukalemba mawu pachithunzi, ankamatirira pomwepo, ndipo ukalakwitsa unkatha kubwerera sitepe imodzi yokha basi. Kusintha kwakukulu kudabwera ndi Photoshop 3.0 mu 1994, yomwe idabweretsa ma layer. Taganizani mapepala apulasitiki oonekera mkati, osanjikizana: lina lili ndi munthu, lina mawu, lina mtambo. Ukhoza kuchotsa limodzi osakhudza enawo. Maposita a maphwando ndi a misonkhano ya mapemphero amene timawaona pa WhatsApp amapangidwa choncho. Mu 1998 kudabwera History, yolola kubwerera masitepe ambiri, ndipo mu 2002 kudabwera Healing Brush, chida chochotsera ziphuphu khungu n'kumaonekabe ngati khungu.

Ufa ndi nsima: nkhani ya RAW

Makamera a digito atafala, ojambula adakumana ndi mitundu iwiri ya mafayilo. JPEG, yomwe idakhazikitsidwa mu 1992, ili ngati nsima yophikaphika: kamera yasankha kale mitundu ndi kuwala, yataya zotsala, yakupakulirani. RAW ili ngati ufa: ndi zonse zimene sensa ya kamera idaona, kuphika kwake n'kwanu. JPEG imasunga masitepe 256 a kuwala pa mtundu uliwonse, pomwe RAW imasunga 4,096 kapena 16,384, malinga ndi kamera.

Manambalawa ali ndi ntchito kwa ife. Mkwatibwi wakhungu lakuda, diresi yoyera mbee, dzuwa lili paliwombo: kamera ikasamala diresi, nkhope imada bii; ikasamala nkhope, diresi imangokhala chigamba choyera chopanda maluwa ake. Ndi RAW, wojambula amatha kubweza zonse ziwiri. Vuto la khungu lakuda pazithunzi si lachilendo ayi. Kwa zaka zambiri Kodak inkatumiza kumalo otsukira zithunzi khadi yoyezera mitundu, yodziwika kuti Shirley, yokhala ndi mzimayi wachizungu, ndiye makina ankachunidwa potengera khungu loyera. Mpaka mu 2021 Google inkalengezabe ngati chinthu chatsopano kuti foni yake ya Pixel 6 ikujambula bwino khungu lakuda.

Adobe idatulutsa Camera Raw mu 2003, pulogalamu yotsegulira mafayilo a RAW yomwe adailemba ndi Thomas Knoll yemwe uja. Popeza Canon, Nikon ndi ena aliyense ali ndi RAW yakeyake, mu 2004 Adobe idayambitsanso DNG kuti pakhale mtundu umodzi womwe ungadzatsegulidwebe m'tsogolo.

Zithunzi zitachuluka ngati mchenga

Filimu imodzi inkakhala ndi zithunzi 24 kapena 36, choncho wojambula ankaganiza kaye asanadine. Ndi memore khadi, ukwati umodzi umatha kubala zithunzi zoposa chikwi. Photoshop idapangidwira chithunzi chimodzichimodzi, ndiye vuto lidasanduka lina: ndisankha bwanji, ndisunga pati, ndidzachipeza bwanji pakatha zaka zitatu?

Apple ndi imene idayamba kuyankha ndi Aperture chakumapeto kwa 2005, pamtengo wa madola 499. Adobe idathamangira kutulutsa Lightroom yoyeserera mu January 2006, ndipo yeniyeniyo idafika mu February 2007. Mapulogalamu awiriwa adafalitsa njira yatsopano: chithunzi chenichenicho sichikhudzidwa. Mukawonjezera kuwala kapena kudula m'mbali, pulogalamu imangolemba malangizowo m'kaundula wake, wotchedwa catalog, ndipo chithunzi chatsopano chimapangidwa pokhapokha mukachitulutsa. Mukhoza kukonza chimodzi n'kukopera malangizo omwewo ku zithunzi 300 zojambulidwa m'tchalitchi momwemo. Ma preset amene anyamata amagulitsana pa Instagram ndi malangizo amenewa basi.

Kaundulayu amadalira zomwe kamera imalemba mkati mwa fayilo, zotchedwa EXIF: tsiku, ola, mtundu wa kamera, nthawi zina ngakhale malo enieni. Wojambula amawonjezera mayina, nyenyezi ndi mawu ofufuzira. Koma apa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna: mu Lightroom Classic, catalog si zithunzi zanu, ndi mndandanda wolozera pamene zili. Hard drive ikafa, catalog yokha siingakubwezereni ukwati wa munthu.

Kuchoka pogula kufika pochita lendi

Mu May 2013, Adobe idalengeza kuti Photoshop yatsopano sidzagulitsidwanso kamodzi n'kukhala yako. Aliyense azilipira mwezi ndi mwezi kudzera mu Creative Cloud, ndipo pulani ya ojambula idayambira pa madola 9.99. Lightroom 6 ya mu 2015 ndi yomaliza yomwe munthu ankagula n'kuiwala. Mu 2017 Lightroom idagawikanso pawiri: Classic yosunga zithunzi pakompyuta panu, ndi ina yozisunga pa intaneti. Mukasiya kulipira, Classic imakulolani kuona ndi kutulutsa zithunzi zanu, koma gawo lalikulu lokonzera limatsekeka.

Kwa wa ku London, madola khumi ndi ya khofi. Kwa wojambula wa kuno kumudzi, imafunika khadi yakubanki yolipirira kunja m'dziko momwe ndalama zakunja zimasowa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, lendi yomweyo idakwera usiku umodzi. N'chifukwa chake ambiri amathawira ku mapulogalamu othyoledwa opatsana pa fulashi. Choopsa n'chakuti mafayilo otere ndi njira yodziwika yolowetsera mavairasi oba mapasiwedi, ndipo laputopu yomweyo ndi imene muli zithunzi za makasitomala.

Makampani nawonso amasintha maganizo. Apple idasiya kukonza Aperture mu 2014, ndipo kuyambira pa macOS Catalina ya mu 2019 siitsegukanso. Amene adaikamo ntchito ya zaka zambiri adasamuka mokakamizidwa. Google idatseka Picasa mu 2016, ndipo pa 1 June 2021 idathetsa kusunga zithunzi mopanda malire mu Google Photos, zatsopano zonse n'kuyamba kuwerengedwa mu 15 GB yaulere ija. Ndiye uthenga woti malo adzadza umene ukukuvutitsani pa Gmail udachokera pamenepo.

Njira zina zilipo. GIMP, yomwe adaiyamba ophunzira awiri a ku Berkeley, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, mu 1995, ndi yaulere. Darktable ndi RawTherapee zimatsegula RAW popanda kulipira tambala. Photopea imagwira ntchito pa browser ndipo imatsegula mafayilo a Photoshop. Pafoni pali Snapseed, yomwe Google idaitenga mu 2012. Akatswiri a m'masitudiyo akuluakulu ambiri amakonda Capture One ya ku Denmark.

Kompyuta itayamba kupeka

Mu 2010, Photoshop CS5 idabweretsa Content-Aware Fill: mukafufuta munthu wodutsa kumbuyo, pulogalamu imatola udzu kapena khoma la pachithunzi pomwepo n'kutsekera dzenjelo. Mu May 2023 kudabwera Generative Fill, ndipo iyi ndi nyama ina. Mumalemba mawu, iyo imapeka chinthu chomwe sichidakhalepo pamalopo: galimoto, khamu la anthu, utsi. Ntchitoyi imachitikira pamakompyuta a kampani, choncho imadyanso bandulo. Zofanana nazo zalowa m'mafoni a Google ndi Samsung. Ntchito yomwe inkafuna katswiri wa Stalin lero ikutheka ndi chala chimodzi muli m'minibasi.

Atolankhani adaika malire kalekale. Kuwalitsa, kudetsa pang'ono ndi kudula m'mbali n'zololedwa. Kuwonjezera kapena kuchotsa chinthu n'koletsedwa. Mu 2003 nyuzipepala ya Los Angeles Times idachotsa ntchito Brian Walski chifukwa cholumikiza zithunzi ziwiri za nkhondo ya ku Iraq. Mu March 2024, AP, Reuters ndi AFP adabweza chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William, ndi ana ake, ataona kuti chidakonzedwa. Kulibe kuti uyu ndi wa kunyumba yachifumu.

Makampani akuyesa njira yotchedwa Content Credentials, yomwe imamata mbiri pachithunzi: idajambula kamera iti, chidasinthidwa pati. Leica M11-P ya mu 2023 ndi kamera yoyamba kukhala nayo. Koma screenshot imodzi imafufuta mbiri yonseyo, ndipo zithunzi zambiri zimatifika zitadutsa m'magulu asanu a WhatsApp.

Nanga ife titolepo chiyani?

Mukalemba wojambula ntchito pachinkhoswe kapena pa graduation, mufunseni kuti mafayilo anu awasunga nthawi yaitali bwanji ndipo pangati. Mukalandira zithunzi, pemphani zonse mu kukula kwake kwenikweni, pa fulashi kapena pa WhatsApp ngati document, chifukwa zotumizidwa mwachizolowezi zimafinyidwa ndipo mukadzafuna kusindikiza chachikulu chidzaoneka mbuu. Zisungeni malo osachepera awiri, amodzi asakhale foni yomwe mumayenda nayo m'tauni. Dziwaninso kuti chithunzi chotumizidwa ngati document chimapita ndi EXIF yake, ndiye chikhoza kuulula pamene mumakhala.

Inu amene mukuyamba kujambula, phunzirani kuwala, mitundu ndi kasungidwe ka mafayilo kuposa mabatani a pulogalamu imodzi, poti ya lero ikhoza kutsatira Aperture. Ndipo chithunzi cha ngozi, cha zionetsero kapena cha wandale chikakufikani, chiponyeni kaye mu Google Lens muone ngati sichidatulukepo kwina zaka zapitazo, kenako mufunse amene wachitumizayo kuti adachijambula ndani. Akasowa yankho, chisiyeni chithere pafoni panu.