Malungo a muubongo ndi makina odziphunzitsa

Aliyense amene anakulira kuchigwa cha Shire, kumene madzi osefukira amagona m'madambo mpaka chimanga chitacha ndipo udzudzu umaswana mosaletseka kuyambira kwa Chapananga kufikira kwa Ndamera, adziwa usiku umene mwana, atasewera bwinobwino masana, amatentha thupi, nachita linjirinjiri, nakomoka osamvanso ngakhale mawu a amake. Ena mwa ana otere amatsirizika. Ena Mulungu amawabweza, koma pobwera sakhalanso monga analili, pakuti wina amayamba kugwa khunyu, wina ukali wosadziwika chiyambi chake, wina kuiwala zonse za kusukulu, kufikira achibale ayamba kunong'onezana za ufiti.

Yankho la chinsinsi chimenechi linafunidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, kumene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza malungo a muubongo m'zaka za m'ma 1980. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: makina a MRI, ojambula ubongo wa munthu wamoyo popanda kung'amba mutu, anafika m'chaka cha 2008, ndipo mu 2015 Karl Seydel ndi anzake analengeza zimene anaona mwa ana 168. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, wothinana m'chigaza kufikira kupanikiza mbali imene imalamulira kupuma.

Koma n'chifukwa ninji utupa mwa uyu, osatupa mwa uyo, pamene onse analumidwa m'mudzi umodzi? Apa ndi pamene kompyuta inaitanidwa. Mu 2017 ofufuza anaipatsa zithunzi za ubongo, zotsatira za magazi, ndi mbiri ya chibadwa cha tizilombo ta malungo topezeka mwa ana a ku Malawi, naisiya kuti ifunefune yokha zimene zimayendera limodzi. Inaloza zinthu ziwiri makamaka: kuchepa kwa timaselo toumitsa magazi pabala, ndi mtundu wina wa tizilombo umene chibadwa chake chimachititsa maselo ofiira kumatirira pa EPCR, kanthu ka m'kati mwa mitsempha koteteza magazi kuti asaundane.

Ntchitoyo njotamandika, komabe ine ndiona kuti yaimira pakhomo la wodi. Kafukufuku wa Gretchen Birbeck wa mu 2010 anasonyeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu opulumuka amatsala ndi khunyu, chilema kapena kusokonekera kwa khalidwe. Ndipo kuti makina odziphunzitsa adzathe kulosera amene adzavutike maganizo, ayenera kuphunzira pa chibadwa cha anthu enieniwo. Tsono nkhokwe zazikulu zimene makinawa amaphunzirapo, monga UK Biobank ya anthu 500,000 a ku Britain, zadzala ndi azungu, pamene Amang'anja ndi Asena mulibemo, chonsecho chibadwa cha anthu a mu Afirika n'chosiyanasiyana koposa cha anthu ena onse padziko.

Katemera wa malungo anafika ku Chikwawa ndi Nsanje mu 2019, ndipo tiyamika. Koma mayi wa ku Makhanga amene mwana wake wasintha mtima chidwalireni ayenera kuwoloka Shire pabwato kuti akaonane ndi sing'anga wa paboma, ndipo matenda akakula, ulendo wake ngwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.