Mukazulitsa dzino, chakudya ndi theka la mankhwala

Kwa munthu wa ku Chia, chakudya chenicheni ndi kondowole wa chambo kapena usipa, mpunga, ndi nzimbe zotafuna dzuwa likaswa mtengo. Koma tsiku limene mwazulitsa dzino ku chipatala cha boma cha Nkhotakota, zakudya zomwezi zikhoza kukubwezani kuchipatala musanathe sabata. Ena poopa zimenezi amangosiyiratu kudya, n'kumamwa tiyi yekha masiku atatu. Uku nakonso n'kudzipweteka, chifukwa thupi lanjala silipoletsa bala msanga.

Chomwe chikuchitika m'kamwa

Dzino likachoka, pa fupa la nsagwada pamatsala dzenje. M'dzenjemo magazi amaundana n'kukhala ngati chivundikiro. Magazi oundanawa si uve ayi. Ndiwo amaphimba fupa ndi mitsempha, ndipo mnofu watsopano umamera pansi pake. Akachoka nthawi isanakwane, fupa limakhala pamtunda. Madotolo amati dry socket. Ululu wake umayamba patatha masiku awiri mpaka anayi, umalasa mpaka kukhutu, ndipo m'kamwa mumatuluka fungo. Malamulo onse a kadyedwe amene muwerenge pano cholinga chake n'chimodzi: chivundikirochi chisasunthe, koma thupi lipeze zakudya zomangira mnofu.

N'chimodzimodzi kwa amene aikitsa dzino lochita kubzala, lotchedwa implant. Kachitsulo ka titanium kamalowetsedwa m'fupa la nsagwada, kenako pamwamba pake amadzaikapo dzino lopanga. Njirayi anaiyambitsa ndi dotolo wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, yemwe anathandiza wodwala woyamba mu 1965. Kuno kwathu chithandizochi n'chodula ndipo chimapezeka m'zipatala zochepa za m'mizinda, koma wodwalayo amabwerera kumudzi kudzachirira, ndipo omuphikira ndinu. Fupa limatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti ligwirane ndi kachitsuloko. Kuluma zolimba pamalopo nthawi imeneyi kumakagwedeza, ndipo ndalama zonse zija zimalowa m'madzi.

Tsiku loyamba

Lumani thonje limene mwapatsidwa kwa mphindi 30 kapena monga dotolo wanenera. Musadye chilichonse mpaka dzanzi la jakisoni litatha, nthawi zambiri pakapita maola awiri mpaka anayi. Makolo, apa mpofunika maso. Mwana samva ululu mlomo ukachita dzanzi, ndiye amauluma kapena kuutafuna mpaka kutupa.

Dzanzi likatha, yambani ndi zofewa zimene zapola: phala la mgaiwa lothira nsinjiro zosefa bwino, Likuni Phala, nthochi yakupsa yoponda, peyala, papaya, chambiko kapena mkaka. Tiyi ndi phala zikhale zofunda pang'ono chabe. Zotentha zimatsegula mitsempha, magazi n'kuyambiranso kutuluka.

Pa maola 24 oyambawa musachukuche m'kamwa, musalavulelavule, musamwere chakumwa pa kapaipi, ndipo musatsope nzimbe kapena mango. Kuyamwa kulikonse kumakoka chivundikiro chija. Fodya amachita zomwezo, komanso amachepetsa magazi ofika pabala. Osuta ndiwo amavutika kwambiri ndi dry socket, ndipo ma implant awo amalephera kawirikawiri kuposa a ena.

Tsiku lachiwiri mpaka lachisanu ndi chiwiri

Tsopano thupi likufuna zomanga thupi, ndipo anthu a kunyanja muli ndi mwayi. Nsomba ndi yofewa kuposa nyama ya mbuzi. Vuto ndi minga. Sankhani nsomba yamnofu monga kampango kapena mlamba waiwisi, iphikeni m'madzi mpaka ifewe, ndipo chotsani minga yonse ndi zala musanaike m'mbale. Usipa wouma ndi wokazinga dikirani kaye. Ngati ndiwo ndi usipa basi, usinjeni ukhale ufa, musefe, muthire m'phala kapena mumsuzi. Mazira ophika mofewa ndi nyemba zophikitsa zoponda nazonso zimathandiza.

Kondowole amakanirira ndipo amafuna mphamvu potafuna. Masiku oyamba phikani nsima yofewa, mbamu zing'onozing'ono, zonyika kwambiri mumsuzi. Mpunga wouma timbewu take timalowa m'dzenje, choncho uphikeni ukhale phala. Maungu, mbatata yoponda ndi futali wofewa ndi zabwino. Masamba monga nkhwani ndi chigwada musawasiye, koma muwadule tinthu ting'onoting'ono n'kuwaphikitsa. Thobwa lisefeni kuti misere ya chimera isalowe pabala. Mukatero mwafikira magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa, popanda kugula chachilendo.

Pewani chimanga chokazinga kapena chootcha, mtedza wokazinga, kanyenya, nzimbe, mango osapsa ndi tsabola. Tafunirani mbali imene kulibe bala. Mowa usiyeni kaye. Umachedwetsa kupola, ndipo ngati mwapatsidwa metronidazole, yemwe ambiri amamudziwa kuti Flagyl, mowa umayambitsa kusanza koopsa ndi kuthamanga kwa mtima.

Pakadutsa maola 24, yambani kutsuka m'kamwa ndi madzi ofunda amchere: theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi, mukatha kudya kulikonse. Musachukuche mwamphamvu. Ingopendeketsani mutu uku ndi uku, kenako madziwo atuluke okha. Madziwo akhale owiritsa kapena othira klorini, osati ongotunga m'nyanja. Mano enawo tsukani ndi mswachi monga mwa masiku onse, koma pabala pokha muzilambalala. Chakudya chikalowa m'dzenje, musachitokose ndi kamtengo, munga wa nsomba kapena lilime.

Nkhama zimatseka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mukhoza kubwerera pang'onopang'ono ku zakudya zanu. Wa implant yekha apitirize kupewa zolimba pamalopo mpaka dotolo wake atamulola.

Amene afunika kuwayang'anira kwambiri

Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi, pali anthu amene simuyenera kudikira kuti akufuneni. Wodwala shuga amene wamwa mankhwala koma osadya, shuga wake akhoza kutsika mpaka kukomoka, pomwe shuga wokwera amachedwetsa bala. Adye pang'onopang'ono kangapo patsiku, osati kudalira zakumwa zotsekemera. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a BP asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asachepetse chakudya, angochifewetsa. Agogo okhala okha apezereni wowaphikira.

Pa ululu, panado ndi wokwanira kwa ambiri. Musagule asipirini pa golosale, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Musaikenso pabala fodya, phulusa kapena mankhwala azitsamba.

Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo ngati magazi sakusiya mutalumanso thonje loyera kwa theka la ola, ngati ululu ukukula m'malo mochepa pa tsiku lachitatu, ngati pakutuluka mafinya kapena thupi latentha. Kutupa kukatsikira kukhosi, kapena munthu akamalephera kumeza, kutsegula pakamwa kapena kupuma, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto pamsewu wa M5 nthawi yomweyo.

Ndipo tsiku lokazulitsa dzino likadziwika, konzekeranitu dzulo lake. Sinjani nsinjiro, sungani mazira, nthochi ndi mapeyala, ndipo mukambirane amene adzachotse minga m'nsomba.