Luso la Agogo Lisapite Kumanda

Khirisimasi ikayandikira, mabasi amadzaza ndi ana athu ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, opita kwawo kukaona makolo. Pa Mtakataka, m'boma la Dedza, monganso m'matauni ena aang'ono, amayi amaphika thobwa, nkhuku imaphedwa, ndipo banja lonse limadyera pamodzi.

Koma tiyeni tiyang'anitsitse zimene zili pakhondepo. Alendo akhala pamphasa ya bango. Mpunga wapetedwa m'lichero la nsungwi. Madzi akumwa akuzizira mumtsuko wadothi. Zonsezi zidatuluka m'manja mwa agogo, pamene adzukulu ambiri sadziwa n'komwe kung'amba nsungwi. Agogowo akadzatisiya, luso lawo lidzapita nawo kumanda, ife n'kutsala ndi mabeseni apulasitiki osachedwa kusweka.

Chitsanzo chabwino sichili kutali. Pafupi ndi Mtakataka pali Mishoni ya Mua, imene idakhazikitsidwa mu 1902. Kumeneko, mu 1976, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a KuNgoni, kumene amisiri ambiri adaphunzira kusema ziboliboli, napeza podyetsera mabanja awo. Izi zikutiphunzitsa kuti luso silifa ngati pali wophunzitsa ndi wophunzira.

Choncho tikupempha makolo kuti chaka chino musangodyetsa anawo n'kuwaperekeza kukakwera basi. Akhazikeni pansi, apatseni mpeni ndi nsungwi, aone poyambira dengu. Inunso achinyamata, ikani mafoni pambali ngakhale kwa tsiku limodzi, mumvere agogo anu akadali moyo. Pajatu akuluakulu adati mmera mpoyamba.